Kanyama Kamene Ankafuna Adokotala

Chaka chimene magetsi anayamba kuzima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndinatsitsa makina anga amagetsi patebulo n'kutulutsa akale aja opalasa ndi mapazi, amene anasiya malemu bambo anga. Ndine telala, mwana wa telala. Bambo anachoka ku Machinga ali mnyamata, nadzatsegula khonde losokerapo mu komboni ya Chaisa ku Lusaka, ndipo zinthu zitayamba kuyenda anabwerera kumudzi kukatenga amayi. Ine ndinabadwira mu Lusaka momwemu. Chinyanja changa n'cha m'tauni, chosakaniza, ndipo amayi mpaka lero amati ndimalankhula ngati galu akundithamangitsa. Iwo thupi lokha ndi limene linasamuka, lilime lidakali ku Machinga. Ukwati wanga utatha ndinabwerera m'nyumba ya bambo ndi ana anga aakazi awiri, choncho tinkakhala akazi anayi pakhomo limodzi.

Nthawi inali yowawa. Kwacha inkangogwa, ufa wa thumba unasanduka wa anthu ena, ife tinkagula timapaketi tija timati pamela. Makolo anasiya kusoketsa yunifolomu yatsopano. Ankabwera ndi yakale kuti nditsitse mpendero, chaka chinacho nditsitsenso, mpaka nsalu yotsitsa itatha. Amene ankafuna chovala ankapita ku salaula, kogula zovala zakaunjika, kwa ine n'kumangobwera kuti ndichepetse m'chiuno. Sindinkadandaula kwambiri, poti aliyense mu komboni ankalira nyimbo yomweyo.

Tsiku lina phini inandipulumuka pakamwa n'kugwera m'diresi. Pofufuza kuti isandibaye, chala changa chinagunda kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kukula kwake ngati nzama. Sikankapweteka. Phini ndinaipeza, ndinamaliza siketi imene ndinkasoka, ndipo kwa milungu itatu sindinauze munthu. Koma pakhomo pa akazi anayi palibe chinsinsi. Amayi anandipeza kubafa dzanja lili pachifuwa, nandifunsa kuti ndataya chiyani pamenepo.

Pabanja pathu matenda a bere sanali nkhani yachilendo. Mng'ono wawo wa amayi, amene ankakhala ku komboni ya George, anamwalira nawo ine ndili mtsikana. Anam'chita opaleshoni, ndipo patangopita miyezi itatu tinamuika m'manda. Pamaliro pake azimayi ankanong'onezana chinthu chimodzi, chakuti chotupa cha m'bere sachikhudza ndi chitsulo. Chikagona chagona, koma mpeni kapena singano ikachigunda chimadzuka n'kuthamanga thupi lonse. Ine ndinakula ndi mawu amenewa ngati mmene munthu amakulira ndi dzina lake, osafunsa kuti anawayamba ndani.

Komabe ndinapita ku kiliniki yathu, amayi ali pambuyo panga. Bambo amene anandipima anali wothamanga, pakhomo pali mzere wofika panja, jenereta ikulira kuseri kwa zenera. Anagwiragwira, nkhope yake n'kusintha. Ananena mawu akuti khansa kamodzi kokha, ndipo ananena kuti mwina si imeneyo, koma makutu anga anatsekekera pomwepo. Zotsatira zonse ndinkazimva ngati ndili pansi pa madzi. Ndinaona akulemba, akupinda kalata, akuimenya sitepula.

"Ba mami, ichi sichifunika kusewela nacho," anatero. "Mupeleke kalata iyi. Apa chifunika kanyama, bapime, ndiye tizaziba."

Anatchulanso zina zimene sindinazigwire. Titatuluka ndinaima pamthunzi wa mpanda n'kufunsa amayi kuti kodi akuti tipite kuti.

Amayi anakonza mpango wawo, nayang'ana kumsewu. "Akuti Kanyama," anatero.

Sindinadabwe. Kanyama ndi komboni yaikulu kutsidya kwa tauni, ndipo chipatala chiliko. Ndinangoti mwina makina opimira mawere ali kumeneko. Koma inali nyengo ya mvula, ndipo aliyense mu Lusaka amadziwa kuti mvula ikagwa Kanyama imasanduka dziwe. Amayi anati, "Upite kumeneko madzi ali m'mawondo, ukatenge kolera pamwamba pa chotupa? Dikira aphwe." Ndinadikira. Mlungu unatha, wina unatha, mvula osaleka. Kalata inali m'kabati ya makina pamodzi ndi mabobini, ndipo tsiku lililonse potenga ulusi ndinkaiona n'kutseka msanga. Inatha milungu isanu.

Chimene chinandidzutsa n'chakuti nzama ija inayamba kuoneka ngati yakula. Ndinabwereka majombo kwa mnansi, n'kukwera minibasi ziwiri ndekha, poti amayi tsiku limenelo mawondo anawagwira mwadzidzidzi. Minibasi yachiwiri inatitsitsa panjira, dalaivala akuti sangalowetse galimoto ya abwana ake mumtsinje. Tinayenda pamiyala ndi pamatumba a mchenga, anthu titagwirana mapewa osadziwana. Ndinafika nditanyowa mpaka m'ntchafu, n'kukhala pamzere mpaka masana.

Nesi amene anandilandira anali mayi wamkulu thupi, nayenso atavala majombo. Anamasula kalata, naiwerenga, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ba mami, ninani anakutumani kuno?"

"Ba dokota ku kiliniki kwathu. Banakamba ati Kanyama."

Anawerenganso. Kenaka anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, mpaka anachita kutsamira tebulo. "Iyayi mayo ine! Si Kanyama komboni. Ni kanyama, ka nyama kang'ono ka mu bele mwanu. Bafuna batengeko na nyeleti bakapime. Kalata iyi ni ya ku chipatala chikulu, onani apa balemba."

Nyeleti ndi singano, mmene timaitchulira kuno. Ndikanaseka nawo, poti zinali zoseketsadi, koma nesi uja anaona tsiku limene kalata inalembedwa ndipo kuseka kunathera pomwepo. "Manje mwenze kuti masabata yonse aya?" anafunsa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti mawa lomwelo ndilawirire, ndisadikirenso mvula kapena dzuwa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya matope a ku Kanyama.

M'minibasi pobwerera ndi mmene zinandilowa bwino. Amayi anali m'chipinda chija pamodzi nane, makutu awo ali otseguka. Munthu wa ku Machinga sangasokoneze kanyama ndi dzina la komboni. Ine wobadwira m'tauni ndi amene ndikamva mawuwa ndimaona basi ndi matope, iwo amaona nyama. Ndinafika pakhomo nditafufuma ndi mkwiyo, n'kuwapeza akusankha mpunga m'lichero, mawondo atachira bwinobwino.

"Amayi, munamva bwino tsiku lija."

Sanadzutse mutu. "Ndinanama? Iye anati kanyama, ine ndinati kanyama."

"Milungu isanu, amayi! Mukufuna nife?"

Apo ndiye anaika lichero pansi. "Ndikufuna ukhale moyo, mwana iwe. Mng'ono wanga anapita kuchipatala akuyenda ndi miyendo yake. Anam'gunda ndi chitsulo, wabwera ali mtembo woyenda. Ndaika mwamuna, ndaika mng'ono wanga. Iwe sindikuika."

Ndinawayankha zimene mwana sayenera kuyankha mayi ake. Ndinati mng'ono wawoyo anapita kuchipatala bere litaphulika kale, fungo lili nyumba yonse, atatha chaka akumanga masamba, ndipo amene ankam'thandiza kumangako anali iwowo. Amayi ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Tinatha masiku awiri osalankhulana, tikupatsirana mchere kudzera mwa ana.

Ndinawakwiyira kwambiri, koma ndinene zoona, ndinkadzikwiyiranso ndekha. Kalata inali m'kabati yanga, sitepula imodzi yokha, ndipo mwana wanga wamkulu amawerenga Chingerezi. Sindinaitsegule chifukwa inenso mvula ija inkandikomera. Ndinkaopa chitsulo ngati mmene ankachiopera amayi. Ndagwira singano kuyambira ndili ndi zaka khumi, yandibaya zala kosawerengeka, koma iyi yokha ndinkaiona ngati imfa. Chimene chinanditulutsa pakhomo si kulimba mtima ayi. Ndinangoona kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba munali mwanga.

Ku chipatala chachikulu anandipima, anandijambula, nandipatsa tsiku lobwera kudzatenga kanyama kaja. M'mawa wa tsikulo ndikutuluka, ndinapeza amayi ali pakhomo atavala kale, tasibihi yawo yopempherera ili m'manja. Sanandipatse moni. Anangoti, "Ngati akundibayira mwana, am'baye pamaso panga." Ndinadziwa kuti akupita kukaletsa, koma ndinalibe mphamvu yokangana nawo.

Dokotala anali mtsikana, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wometa tsitsi. Amayi atamuona anandinong'oneza kuti uyu ngakhale nkhuku sanadulepo. Nesi atati odikira akhale panja, amayi anakakamira pachitseko n'kuyamba ulaliki wawo wa chitsulo, mokweza, anthu a pabenchi akumva. Ndinafuna nthaka inditsegukire. Koma dokotala uja sanaseke ndiponso sanakwiye. Anamvetsera mpaka amayi atamaliza.

"Ambuya, ivi vamene mwakamba nimavimvela tsiku na tsiku," anatero. "Nyeleti siutsa khansa. Chamene chimaikulisa ni nthawi. Bambiri bamabwela mochedwa, tikabagwila matenda yayenda kale, manje banthu bamakamba ati ni nyeleti." Kenaka anakoka mpando n'kuuika pakona, moyang'anana ndi galasi la makina ojambulira. "Nkhalani apa, muoneleko tivi ya mahala, yosalipila. Kunyumba malaiti kulibe."

Amayi anakhala, nkhope ili gwa, chikwama atachikumbatira pamimba.

Anandigoneka chagada, dzanja lamanzere pamwamba pa mutu. Makina ake ndi ofanana ndi aja amaonera mwana m'mimba mwa mayi wapakati. Anandipaka mafuta ozizira pabere, n'kuyendetsapo kachipangizo kokhala ngati chogwirira cha simbi, ndipo pagalasi panaoneka zotuwatuwa zimene ine sindinazimvetse. Dokotala analoza kadontho kakuda pakati pake n'kunena kuti mlendo wathu ndi ameneyu. Anafotokoza kuti kale ankayenera kudula kuti aone chimene chili mkati, kapena kubaya mongopapasa ndi zala, koma tsopano galasi ndi limene limatsogolera singano, moti salasa pena paliponse koma pamene akufunapo. Ndinayang'ana kadontho kaja nthawi yaitali. Kanthu kamene kanandilanda tulo miyezi iwiri, kanandiyambanitsa ndi amayi anga, kanali kakang'ono chonchi, ndipo kanali ndi malire ake.

Jakisoni wochititsa dzanzi ndi amene anandiwawa, ngati mavu andiluma, kenaka bere lonse linangokhala ngati la munthu wina. Asanayambe, dokotala ananyamula singano ija m'mwamba kuti timve kulira kwake, kuti ndisadzadzidzimuke ili mkati. Inalira kuti thwa, chimodzimodzi chida changa chokhomera mabatani achitsulo. Amayi analumpha pampando n'kutchula dzina la Mulungu.

"Manje yang'anani pa tivi, osati pa manja yanga," anatero dokotala.

Ndinamva kukankha kokha, popanda ululu. Pagalasi panatulukira kamzere koyera kuchokera m'mbali, kakuyenda pang'onopang'ono, kakuima, kakukhota pang'ono, mpaka nsonga yake inafika m'mphepete mwa kadontho kakuda kaja. Thwa! Anatulutsa, nabwezanso. Anachita zimenezi kanayi. Kachitatu ndinazindikira kuti mikanda ya tasibihi yasiya kulira. Nditatembenuza maso ndinaona amayi ataimirira kumapazi kwanga, khosi atalitambasula, akutsatira kamzere kaja ndi maso amene ankayang'anira nawo bambo akamadula suti ya ukwati.

"Dzanja lake silinjenjemera," anatero, osauza munthu aliyense.

Zitatha dokotala anatisonyeza kabotolo kokhala ndi madzi oyera. Mkati munkayandama tizidutswa tinayi, toonda ngati ulusi umene ndimasesa pansi pa makina madzulo. Kanyama kake kanali kameneko. Ndinaseka ndili chigonere mpaka nesi anandiuza kuti ndidekhe, akufuna atsindire pabala kuti magazi asatuluke. Anamatapo pulasitala, popanda kusoka ngakhale kamodzi, n'kundiuza kuti ndisanyamule ndowa kapena kupalasa makina masiku awiri. Panjira amayi sananene kanthu za chitsulo. Anangodandaula kuti mtsikana wanzeru chotere angamete bwanji tsitsi ngati wafedwa.

Musaganize kuti anagonja. Tsiku lotsatira bere linada ndi mikwingwirima ya magazi ogona mkati, monga anatichenjezera, ndipo amayi ataona anati chotupa chayamba kudzuka. Anatenga tepi yanga yoyezera ndi choko cha telala, nandikhazika pabedi, nalemba kamzere uku ndi uku m'mphepete mwa chotupa. M'mawa uliwonse akatha kupemphera ankabwera ndi tepi ija kudzayeza, milomo ikuyenda. Ndinkawalola, poti inenso ndinkafuna kudziwa. Kuda kuja kunasanduka kwachikasu, kenaka kunatha. Tepi inkanena chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Pofika mlungu wachitatu amayi ankayeza kawiri, ngati kasitomala amene sakukhulupirira kuti chiuno chake ndi chomwecho.

Zotsatira zitatuluka tinapita awiri. Inali khansa. Ngakhale munthu uyembekezere bwanji, mawuwa amafika ngati sunawamvepo, ndipo ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa. Koma nthawi ino makutu sindinawalole kutseka. Ndinafunsa chilichonse kawiri, ndipo dokotala wa tsiku limenelo, bambo wachikulire, anayankha kawiri osatopa. Anati chotupa chidakali chaching'ono, m'khwapa simukuoneka kanthu, ndipo popeza kanyama kaja kawauza mtundu wa matenda, akudziwa poyambira. "Mwabwela nthawi yabwino, mami," anatero. "Ngati benze kubwela so bonse, sembe nchito yathu ni yopepuka." Ndinaganiza za milungu isanu ija, n'kuyang'ana amayi. Iwo ankayang'ana pansi.

Zimene zinatsatira sizinali zamasewera. Bere linapita, tsitsi linathothoka ndi mankhwala n'kumeranso lofewa ngati la khanda, ndipo panali miyezi imene ngakhale fungo la anyezi linkandisanzitsa. Ana anga anaphunzira kupalasa makina a agogo awo aamuna, mipendero yokhotakhota, makasitomala n'kumapirira. Lero ndili pano, ndikusoka, ndipo kumanzere kwa kamisolo kanga ndinasokerako kathumba kamene ndimaikamo thonje, moti amene sakudziwa sangadziwe. Koma zonsezo zinabwera pambuyo.

M'mawa wotsatira tsiku la zotsatira lija, ana atapita kusukulu, ndinakhala pamakina kuti ndimalize madiresi amene ndinalonjeza anthu ndisanagonekedwe. Amayi sanabwere ndi tepi. Ndinamva akundiitana kuchipinda kwawo, ndi mawu otsika amene sindinawazolowere. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, chitseko anati nditseke. Ndinaganiza kuti akufuna kupepesa, ndipo ndinali nditakonzeka kuwauza kuti zinatha, poti mkwiyo unali utandichoka kale.

Sanapepese. Anamasula mabatani a bulauzi yawo, nagwira dzanja langa, nalitsogolera pansi pa bere lawo lakumanja, bere limene ndinayamwa. Anakanikiza zala zanga pamenepo. Kanalipo, kolimba, kocheperako pang'ono kuposa kanga.

"Kuyambira liti, amayi?"

"Mvula isanayambe." Kenaka anati, "Ndinati ndikanena, atidula tonse awiri, ana awa atsala ndi yani?"

Ndinakhala pansi pambali pawo, dzanja langa lidakali pomwepo. Ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu. Nthawi yonse ija ankandiyeza ndi tepi, ankayezera awiri.

"Ndiye ndimati," anatero, akumanga mabatani molakwitsa mabowo, "mwina mawa, ukapeza mpata, undiperekeze kwa mtsikana uja."

Ndinawamasula mabatani aja n'kuwamanga bwino. Kenaka ndinatenga mpango wawo pamsomali n'kuwapatsa m'manja.

"Mawa ayi, amayi. Lero."

Amayi anga sanayambe andimverapo chiyambire, ngakhale pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo. Anandiyang'ana, nayang'ana mpango, n'kunena kuti ndiwadikire pang'ono avale nsapato zawo zabwino.